Ng'oma Zitamanda a Therere kwa Mphuka

Wambani ng'oma, anyamata, chikopa chikokeke. Wambani mpanje, wambani gunda, mbalule muimate phula pamchombo kuti mawu ake akafike kutsidya. Amayi, yeretsani kukhosi, nthungululu ikufunika. Tiyambe tawomba m'manja kwa eni nthaka: kwa amfumu a Mphuka, mutu wa Achikunda, eni bwalo la Dantho; kwa amfumu aakulu a Mburuma ndi Ansenga awo; kwa Luangwa ndi Zambezi, mitsinje yopatsana moni pa Feira, pomwe tambala wa ku Zumbo amadzutsa a ku Kanyemba ndi ife tomwe, maiko atatu m'bandakucha umodzi; kwa madzi amene Zwangendaba anawoloka ndi Angoni ake mu 1835, dzuwa litada masana. Tapempha bwalo, mwatipatsa.

Lero sititamanda njovu, yatidyera kale mapira. Sititamanda ng'ona, ili ndi milandu padooko. Sititamanda mvuu, imakolola usiku pomwe sinalime. Lero ng'oma zikuitana mwana wa m'dimba, wa msinkhu wa chala, wobiriwira, wa nthiti zisanu ndi tiubweya toyabwa.

Gu! Gu! Gu-gu-gu! Akubwerawo ndani?
Ndi a Therere!
Mpanje, atchule mayina!

Inu a Therere. Inu a Kanyozedwa. Inu a Pepani-alendo, pakuti mayi akamatula mbale pamphasa amayamba wapepesa: "Pepani alamu, lero ndiwo zavuta, tangopeza katherere." Koma taonani mbaleyo pobwerera: yayera mbee, yakombedwa mpaka m'mphepete, mtanda wachitatu wa nsima wapita osatsanzika. Inu a Mbisidwa-kwa-mkamwini, amene apongozi amakukankhirani kuseri nkhuku ikaphedwa, nkhukuyo ikatha n'kukuitanani ndi dzina laulemu. Inu a Sapempha-saladi: botolo likauma pakati pa mwezi, nyemba zimadandaula, kapenta amadandaula, kabichi amadandaula, inu mumangoti ndipatseni madzi ndi kamchere. Inu a Sawononga-nkhuni, opsa mwana asanabwerere kodula tsamba la nthochi. Inu oopedwa ndi amuna a zithumwa m'chiuno, amene amati mukalowa m'mimba mankhwala amasukuluka. Wamphamvu zake zonsezo kumathawa kambale ka ndiwo! Wodzitama kuti "ine therere sindidya" mumuone mu Febuluwale, nkhokwe ili kukamwa yasa: amanyema mbamu osayang'ana kumbali.

Ti-ndi! Ti-ndi! Ti-ndi-ndi!
Kanyozedwa ndiye msunga mudzi!
Lululululu!

Inu a Mkonda-dzuwa. Okutobala wa ku Feira si wamasewera: mchenga umawotcha mapazi, mbuzi zimaunjikana pansi pa mlambe, repu amagwada dzuwa lisanafike pamutu, inu muli chilili. Muzu wanu umakumba pansi kulondola chinyezi chomwe anzanu sachifikira. Inu a Fulumira: miyezi iwiri chibzalireni, mwayamba kale kudyetsa nyumba. Inu a Duwa-la-tsiku-limodzi, lachikasu, lofiira moderako pakati, lotsegula m'mawa n'kufota dzuwa likapendeka. Pakapita masiku 4 mpaka 6, pomwe panali duwa pali chala chobiriwira. Inu a Ukachedwa-ndikhwima, amene mumafuna mwini dimba azikuzondani pakapita masiku awiri kapena atatu. Waulesi amapeza nkhuni m'malo mwa ndiwo. Mayi wodziwa amagwira kansonga n'kukapinda: kakati thyo, n'kanthete, kalowe m'lichero, kakangopindika osathyoka, kasiyidwe kaume kakhale mbewu. Inu a Ndithyole-ndibale, amene mukamathyoledwa ndi pomwe mumabereka koposa. Inu a Myabwa-mkono, olipitsa msonkho wa kukanda kwa aliyense wolowa pakati panu manja ali pamtunda.

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse la Zambia. Chimanga chinapserera m'minda chisanamasule ngayaye. Zaka zotere chigwa chimatsikira kumadimba a m'mphepete mwa mtsinje, ndowa pamutu, diso kwa ng'ona, ndipo kumadimbako ndi kwanu. Inu a Mtsala-m'munda. Inu a Chilala-sichindidziwa-msanga.

Mbumba yanu ndi yaikulu. Thonje ndi mbale wanu weniweni, taonani duwa lake, taonani tizilombo timene timakuvutitsani nonse awiri. Chidede wa masamba owawasa ndi mlongo wanu. Denje womera yekha m'mizere ndi mphwanu. Mlambe, chimtengo chosakumbatirika chija, ndi gogo wa banja lomwelo, ndipo koko wopangira chokoleti naye amawerengedwa pamtundu panu. Chewe yekha ndiye mnansi chabe, wa ku banja la chitowe, koma poterera mumphika mumamvana chinenero.

Gu-gu! Gu-gu! Mwana wa yani uyu?
Mdzukulu wa mlambe, mbale wa thonje!
Mbalule, tiuze kumene anayenda!

Inu a Mlendo-sakana-dziko. A ku Ethiopia akuti ndinu wawo, a kumadzulo kwa Africa akuti ndinu wawo, a ku India nawo akuti ndinu wawo. Mwana wokoma salephera kupeza amalume. M'chaka cha 1216 mlendo wochokera ku Spain anakupezani ku Egypt mukudyedwa muli anthete, nakulembani m'buku lake. Inu a Mperekeza-ogwidwa. Chigwa chino chimaidziwa nthawi ya magoli: Zumbo, msika umene Apwitikizi anautsegula cha m'ma 1720, unaona golide, unaona minyanga, unaonanso anthu akuyenda omangidwa. Kuchokera kumagombe a kumadzulo kwa Africa njere zanu zinawoloka nyanja ya Atlantic m'zombo za akapolo, ndipo pofika 1658 munali mutalembedwa kale ku Brazil. Lero ku Bahia mumawira mumphika wa caruru, ku Louisiana mumalimbitsa msuzi wa gumbo, zidzukulu za otengedwa zikudyabe kukoma kwa kwawo. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, khofi atasowa kumwera kwa dzikolo anthu anakazinga njere zanu n'kumamwa. India yekha amakolola zoposa theka la therere la dziko lonse lapansi, Nigeria akutsatira pambuyo. Kuno kwathu mumakwera galimoto pamodzi ndi nsomba zouma, masau ndi mphasa, makilomita oposa 80 kukafika pa mlatho wa Luangwa, ndipo ku msika wa Soweto mu Lusaka mumakhala timilumilu pathebulo, osachita manyazi pakati pa tomato ndi anyezi.

Ti-ndi-ndi! Wayenda, wabwera!
Sanaiwale mphika wa amake!
Anamwali, ombani m'manja, tikulowa kumafuwa!

Inu a Mthawa-mumphika. Taonani mayi wakhala pamphasa, lichero pamiyendo, kampeni m'dzanja. Tse, tse, tse, timawilo tobiriwira tikugwa, kalikonse ndi tizipinda take ndi njere zoyera. Pamafuwa kamphika kakubwata. Pambali pali chitini choboola kunsi, chodzaza phulusa la zitsononkho, madzi akudontha limodzi limodzi m'kambale: chidulo chimenecho. Wachangu amangotsina soda wa m'kapepala. Mukangolowa m'madzimo mumachita thovu, kufufuma, kukwera mpaka pamlomo wa mphika kufuna kukazimitsa moto, mthiko n'kukubwezani phaka, phaka, phaka. Tomato mmodzi, kamchere, katsabola ka kambuzi, wokhala nazo n'kuwaza nsinjiro. Nsima isanavundulidwe inu mwapsa.

Inu a Mphunzitsa-dzanja, pakuti kudya inu kuli ndi mwambo wake. Mbamu iumbidwe, chala chachikulu chiboole kachitsime, dzanja litape, kenako lipotoke msanga kuti ulusi uduke. Mwana wosalangizidwa amautsata ulusiwo mpaka pachigongono, malaya onse mizere, abale ake ali kikiki. Inu a Mperekeza-nsima: ya mapira yolimba ija, ya mgaiwa yokanda kukhosi ija, mumaitsetsereketsa myaa osamva kuti yadutsa. Inu a Bwenzi-la-nkhama, okondedwa ndi agogo omwe mano anawatsanzika. Inu a Mdzutsa-wodwala, amene amakana nyama, kukana nsomba, n'kuti "mwina katherere". Inu a Mdikira-chilimwe, oyanikidwa pamphasa, osinjidwa mumtondo, osungidwa m'chikho mpaka tsiku limene dimba lidzakhale fumbi.

Gu! Gu! Gunda, tsika pansi!
Zakunja tazinena, tinene za m'kati!
Akulu, senderani pafupi!

Inu a Nkhokwe-ya-m'chala. Akayeza magalamu 100 a therere laliwisi, pafupifupi 90 ndi madzi. Magalamu 3 ndi ulusi wosagayika umene umasesa matumbo. Vitamini C alimo mamiligalamu 23, kashiamu wa mafupa mamiligalamu 82. Mulinso vitamini K wothandiza magazi kuundana pabala. Muli folate, amene mayi woyembekezera amamufuna masabata oyambirira kuti msana ndi ubongo wa mwana ziumbike bwino. Ntchito ya folate imeneyi inatsimikizidwa pa anthu, n'chifukwa chake kusikelo amaperekanso mapiritsi ake. Kuterera kwanu, komwe ena amakunyozerani, ndi mitundu ya shuga yolukana m'maunyolo ataliatali, yosatsekemera, yomwa madzi n'kuchedwetsa chakudya m'matumbo kuti shuga asathamangire m'magazi nthawi imodzi.

Ndipo muli ena obisala, amene asayansi amawatchula kuti quercetin, isoquercitrin, rutin ndi catechin. Quercetin ndi yemwe alinso mu anyezi, catechin ndi yemwe ali mu tiyi. Chomera chimawapanga kuti chidziteteze ku dzuwa loopsa ndi tizilombo, ndiye wodya chomeracho amabwereka chishango cha mwini wake. Ofufuza a ku China, polemba m'magazini ya Nutrients mu 2015, analekanitsa khungu la therere ndi njere zake, napeza kuti ambiri mwa obisalawa amakhala m'njere. Inu a Mphamvu-ili-m'njere. Inu a Chishango-chobwereka. Wolavula tinjere tanu amataya pomwe pali chuma.

Ti-ndi! Ti-ndi! Chishango cha chiyani?
Cha moto wa m'thupi!
Mbalule, lankhula pang'onopang'ono, amve ndi ana omwe!

Kwa Mphuka tonse timaudziwa moto wa kumunda. Njovu zikamveka kuthyola mitengo usiku, mlonda amatsika pansanja n'kusonkha moto m'malire, kuomba zitini, kukuwa. Moto umenewo ndi wabwino, umapulumutsa mapira. Koma njovu zitapita, mlonda akaiwala kuuzimitsa, umayenda pansi pa udzu mwakachetechete, n'kukadya mapira omwe unkateteza. Thupi nalo limasonkha moto wake. Munga ukakubaya, malo amatupa, amatentha, amafiira, amawawa: asilikali a m'magazi afika kudzamenyana ndi tizilombo. Kutukusira kotere n'kofunika, bala likapola kumazilala. Choopsa ndi kutukusira kosazima, konyeka pansipansi zaka ndi zaka, kopanda chotupa chooneka ndi maso, komwe kumayenda ndi kunenepa kwambiri, matenda a shuga, utsi wa fodya ndi ukalamba.

Ubongo uli ndi alonda akeake, timaselo totchedwa microglia. Tikaona chachilendo timatulutsa zinthu zoitanira nkhondo, monga TNF-alpha ndi nitric oxide. Tikachita zimenezi kwa kanthawi, ubongo umatetezeka. Tikakana kugona, timayamba kuvulaza maselo a mitsempha omwe timawalonda. Pali malo awiri m'mutu omwe motowu ukafika munthu amaonekera. Ena ndi hippocampus, posungira zatsopano: dzina la mlendo wa dzulo, pomwe waika fungulo, njira ya kumunda. Ena ndi hypothalamus, kamalo kakang'ono kouza munthu kuti wakhuta, leka kudya. Apa ndi pomwe a Therere anaitanidwa kubwalo la asayansi, ndipo mboni zinabwera.

Gu-gu-gu! Mboni ziimirire!
Zinene zomwe zinaona, zisawonjeze!

Mboni yoyamba ichokera ku Thailand, chaka cha 2011, m'magazini ya Neurochemistry International. Anatenga mbewa, osati zathu zokumba m'lupsa, koma zoweta m'nyumba zofufuzira, nazipatsa dexamethasone wochuluka, mankhwala ofanana ndi zomwe thupi limatulutsa munthu akakhala pa nkhawa nthawi yaitali. Kenako anaziika m'beseni la madzi momwe munali kopondapo kobisika. Mbewa yokumbukira imasambira molunjika, yoiwala imangozungulira. Zomwe zinalandiranso zofinya mu therere, kapena quercetin, kapena rutin, zinkapeza kopondapo msanga kuposa zinzake, ndipo atayang'ana mu hippocampus anapeza maselo ofa ochepa. Inu a Mkumbutsa-mbewa!

Mboni yachiwiri ndi ya ku yunivesite ya Mahasarakham, ku Thailand komweko, chaka cha 2017. Anaweta timaselo ta microglia m'mbale zagalasi, natiputa ndi poizoni wa mabakiteriya kuti tikwiye. Pomwe anathirapo zofinya mu therere, timaseloti tinatulutsa nitric oxide ndi TNF-alpha wochepa. Inu a Mgoneka-alonda!

Mboni yachitatu ichokera ku Brazil, chaka cha 2025, m'magazini ya Brain Research. Khoswe wamkazi anamusiyira ana atatu okha m'malo mwa asanu ndi atatu, kuti anawo ayamwe mopyola muyeso. Anakula onenepa, adyera, shuga wosakhazikika, hypothalamus yotukusira. Ena mwa iwo anawasakanizira therere m'chakudya, gawo limodzi ndi theka pa magawo 100 alionse. Amenewo mafuta anachepa, shuga anakhazikika, kutukusira kwa mu hypothalamus kunatsika, ndipo ubongo wawo unayambanso kumvera insulin. Inu a Muuza-mimba-kuti-yakhuta!

Mboni yachinayi ndi ya ku Germany, chaka cha 2004. Anafinya therere lanthete n'kuyesa madzi ake pa Helicobacter pylori, kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba. Pa tizidutswa ta khungu la chifu cha munthu, kachilomboko kanalephera kumatirira. Inu a Poterera-sapondapo!

Lululululu! Mzimitsa-moto!
Mkumbutsa-mbewa! Mgoneka-alonda!
Tsopano mpanje ukhale chete, gunda yekha alankhule.

Wotamanda wabodza amanyozetsa mfumu yake. Akati mfumu inapha mikango khumi ndi chibakera, anthu amaseka mfumuyo, osati iye. Choncho pali mayina omwe a Therere sanatipemphe, ndipo pabwalo lino tikuwakana.

Tikukana dzina loti Mchiritsa-zonse. Mboni zonsezi zanena za mbewa, za makoswe ndi za maselo a m'mbale. Khoswe si munthu. Zomwe mbewa zija zinamwa ndi zofinya zokhuthala, zoyezedwa pa sikelo, osati ndiwo za m'kambale. Quercetin akalowa m'mimba mwa munthu, wochepa chabe ndiye amafika m'magazi, chiwindi chimamusintha, ndipo ubongo uli ndi mpanda wake wosalola chilichonse kulowa. Pa odwala shuga ayesapo therere m'timagulu tating'ono, monga ku Iran, shuga n'kutsikako pang'ono. Koma kafukufuku wamkulu woonetsa kuti therere limatchinjiriza ubongo wa munthu ku matenda oiwala sanachitike.

Tikukana dzina loti Mlowa-m'malo-mwa-mapiritsi. Uthenga umayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook wakuti viikani therere m'madzi usiku, mumwe m'mawa, shuga atha. Imvani mboni ya ku Bangladesh, chaka cha 2011: makoswe odwala shuga atapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin pamodzi ndi madzi a therere, mankhwalawo analephera kulowa bwino m'magazi, mphamvu yake inatsala pang'ono kutheratu. Kuterera komwe kumachedwetsa shuga m'matumbo kungathenso kugwira piritsi. Ndiye amalume a shuga, musamwere mapiritsi anu madzi a therere, ndipo musawasiye chifukwa cha uthenga wa pafoni. Womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, adye therere mwa muyeso womwewomwewo masiku onse ndipo adokotala adziwe, chifukwa vitamini K amalimbana ndi mankhwalawo. Amene anadwalapo timiyala ta mu impso achepetse, popeza mu therere muli oxalate, yemwe amaumba timiyalato.

Tikukana dzina loti Mthamangitsa-malungo. Mwana akatentha thupi, akakomoka, akaumitsa khosi, ubongo wake uli pamoto umene mphika sungauzimitse. Mubereke, thamangani naye ku Katondwe, ku chipatala cha pa boma kapena ku kiliniki yapafupi, usiku womwewo.

Gu. Gu. Gu.
Mayina abodza tawataya mu Zambezi.
Atsala ndi oona, ndipo ndi okwanira.

Tsopano ng'oma itembenukire kwa agogo. M'midzi yathu muli okalamba amene ayamba kusochera panjira ya kudooko yomwe ayenda moyo wawo wonse. Amaitana mdzukulu ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kale. Amatuluka usiku, kukapezeka m'mawa pakhomo la eni, nsalu itagwa. Pamenepo pakamwa pa anthu pamafulumira: "Tawagwira, ndege yawathera mafuta." Ayi, abale. Amenewo ndi matenda a ubongo, odziwika dziko lonse. Bungwe la World Health Organization likuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matenda oiwala otere, oposa 60 pa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Ambiri mwa iwo ali ndi mtundu umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906, ndipo kutukusira kwa mu ubongo ndi gawo limodzi la nthendayo. Gogo wotere safuna mwala, safuna mlandu kwa amfumu. Afuna womugwira dzanja, womuperekeza kuchipatala, womukhazika pamphasa n'kumuumbira mbamu.

Akatswiri a bungwe la magazini ya Lancet anawerengera mu 2024 zinthu 14 zomwe munthu ndi dziko angazisinthe, nati zikanagonjetsedwa, pafupifupi 45 pa odwala 100 alionse matendawa akanawachedwera kapena kuwaphonya. Pamndandandawo pali kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa kwambiri, fodya, mowa wopyola muyeso, kusamva kosathandizidwa, kuvulala m'mutu, kukhala wekhawekha, kusapita kusukulu. Therere palibepo pamndandandawo, koma taonani pomwe limaima: m'mbale ya masamba yopanda mafuta ambiri, yoletsa thupi kulemera, yothandiza shuga kuyenda mwaulemu. Inu a Mthandiza-mwakachetechete. Inu a Mmodzi-mwa-alonda, oima pamzere ndi chigwada, nkhwani, bonongwe, nyemba, nsomba ya mu Luangwa, masau ndi malambe. Mlonda mmodzi sazinga munda, koma pomwe wachoka mpata umaoneka.

Ti-ndi-ndi! Ti-ndi-ndi! Ng'oma zonse pamodzi!
Mpanje, gunda, mbalule, bwerezani mayina!

Kanyozedwa, msunga mudzi! Sapempha-saladi, mnzake wa wamasiye! Mkonda-dzuwa wa ku Feira! Ukachedwa-ndikhwima, mlangizi wa aulesi! Mdzukulu wa mlambe, mbale wa thonje! Mperekeza-ogwidwa, wowoloka nyanja osamira! Mthawa-mumphika, wobwezedwa ndi mthiko! Mphunzitsa-dzanja! Bwenzi-la-nkhama! Mphamvu-ili-m'njere! Mkumbutsa-mbewa wa ku Thailand! Muuza-mimba wa ku Brazil! Mgwira-piritsi, woyenera kumusamala! Ndiwo osati jakisoni, ndiwo osati chithumwa, ndiwo zenizeni za nsima!

Lululululu!

Mawu otsiriza apite kwa ogwira mthiko ndi ogwira khasu. Amayi, chidulo ndi soda zimafewetsa therere n'kulisiya lobiriwira, koma zimapha vitamini C ndi vitamini B1, ndipo quercetin sakhalitsa m'madzi a phulusa. Thyolani lanthete, limapsa lokha. Mukafuna chidulo, chikhale kadontho, osati chikho. Madzi akhale ochepa, moto ukhale waufupi, ndipo msuzi wake usatayidwe. Masiku ena liphikeni lathunthu ndi tomato ndi anyezi, popanda soda n'komwe, njere zili momwemo. Poyanika, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba posafika mbuzi ndi fumbi. Abambo, siyani mzere umodzi ukhwime kuti mbewu ya chaka chamawa ichokere m'dimba lanu lomwe, ndipo mukapopera mankhwala a tizilombo dikirani masiku olembedwa pabotolo musanathyole. Anyamata a m'tauni, mukabwera kudzaona makolo musakwinye nkhope pa kambale kobiriwira. Wodwala shuga ndi wa kuthamanga kwa magazi apitirize mapiritsi ake, akayezetse pa tsiku lomwe anamuuza, therere adyere nsima. Ndipo inu amayi, mlendo akafika mawa, tulani mbale ya therere pamphasa osapepesa.